Njinga Yamagetsi Ikaima, Tisathamangire Kugula Kontrola

Anzathu a mu kooperativa, phwetekere sadikira munthu. Tikathyola lero, mawa akhale atafika pa msika wa ku Ulongwe. Njinga yamagetsi ikafa nthawi yokolola, madengu amawolera ku dimba. Thukuta la anthu ambiri limapita pachabe.

Njinga ikangoima, ambiri timafuula kuti, "Kontrola yapsa!" Kenaka timatapa ndalama m'thumba la gulu kukagula ina. Ikabwera yatsopanoyo, mwina njinga siyendabe, chifukwa matenda anali pena. Chimanga chikachita chikasu, mlimi wanzeru amayamba wayang'ana nthaka, mizu ndi kunsi kwa masamba asanagule mankhwala. Njinga nayonso tiifufuze chimodzimodzi, kuyambira pa zinthu zotchipa.

Kontrola nchiyani?

Ndi kabokosi ka aluminiyamu kokhala ndi mawaya ambiri. Kali pakati pa batire ndi mota ya m'gudumu. Tiyerekeze ndi kuthirira ku dimba. Batire ndi dziwe la madzi. Mota ndi mabedi a ndiwo. Kontrola ndi munthu wotsegula ndi kutseka ngalande. Ngalandezo zilipo zitatu: mawaya atatu onenepa, wachikasu, wobiriwira ndi wabuluu. Ngati dziwe lauma, sitingamudzudzule wotsegula ngalande.

Tisanagwire mawaya, tizimitse njinga, tichotse batire, tidikire pang'ono. Kontrola imasunga moto ngakhale batire tachotsa. Poyesa, gudumu la mota likhale m'mwamba kuti njinga isatithawe.

Choyamba: batire

Apa tifunika mita yoyezera magetsi. Manambala amene taphunzira m'kalasi agwira ntchito tsopano. Pa batire palembedwa 36V kapena 48V. Chilembo V chikuimira mavolti, ndiwo muyeso wa mphamvu ya magetsi. Batire la 36V likadzaza, mita imaonetsa 42. La 48V likadzaza, imaonetsa 54.6. Batire la 36V likatsika kufika cha m'ma 30 kapena 31, kontrola imadula yokha moto kuti batire lisawonongeke. Pamenepo kontrola sinafe ai, ikugwira ntchito yake. Tingotchaja basi. Tiyang'anenso fyuzi. Ngati yaduka, tiike ina ya nambala yomweyo. Tisamange ndi kawaya.

Chachiwiri: polumikizira mawaya

Misewu yathu ndi ya mabampu, fumbi ndi matope. Mapulagi amakhwefuka, madzi amalowa, dzimbiri limagwira. Tizule pulagi imodziimodzi, tipukute, tiumitse, tibwezere zolimba. Tiyang'anitsitse pamene waya wa mota akutulukira pakati pa gudumu. Njinga ikagwa, waya amakonda kukhadzukira pamenepo.

Chachitatu: mabuleki

Zogwirira mabuleki zili ndi kaswichi. Tikagwira buleki, kaswichiko kamauza kontrola kuti izimitse mota. Kakakakamira, mota siyenda ngakhale zonse zili bwino. Tizule mawaya a kaswichiko, tiyesenso. Mota ikazungulira, vuto talipeza.

Chachinayi: chogwirira chopatsira moto

Chili ndi mawaya atatu. Tibwezere batire, tiyatse njinga. Pakati pa waya wofiira ndi wakuda, mita ionetse pafupifupi 5. Waya wachitatu ndiye amanyamula uthenga. Tisanapotoze chogwirira, aonetse pafupifupi 1. Tikapotoza mpaka kumapeto, akwere kufika cha pa 4. Ngati 5 alipo koma nambala sikusintha, chogwirira ndicho chafa. Ngati 5 palibe, tizule chogwirira ndi mawaya ang'onoang'ono a mota, tiyezenso ku mbali ya kontrola. Akasowabe, tiyambe kuikayikira kontrola.

Chachisanu: masensa a mu mota

Njinga zambiri zili ndi mawaya ena asanu ang'onoang'ono ochokera ku mota. Amachokera ku tizida titatu totchedwa masensa, timene timauza kontrola pamene gudumu lafika. Sensa imodzi ikafa, mota imanjenjemera, imalira, imakana kunyamuka. Tiike mita pakati pa waya wakuda ndi wachikasu. Mnzathu azungulize gudumu chobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Nambala izisinthasintha, 0 kenaka 5, 0 kenaka 5. Tichite chomwecho ndi wobiriwira ndi wabuluu. Waya amene sakusintha, sensa yake kapena wayayo ndiye wafa.

Chachisanu ndi chimodzi: kontrola yeniyeniyo

Kuyesa uku sikufuna mita. Tichotse batire. Tizungulize gudumu chobwerera m'mbuyo ndi dzanja. Ngati likulimba ngati wina waligwira, tizule mawaya atatu onenepa aja, tisawagunditse. Tizungulizenso. Likapepuka, ndiye kuti mkati mwa kontrola mwapsa. Likalimbabe, vuto lili mu mota kapena mu waya wake. Mphuno nayonso imathandiza: kontrola yopsa imanunkha pulasitiki wowauka.

Ngati yafadi, tikopere m'buku zonse zolembedwa pa bokosilo, mavolti ndi nambala ya chilembo A. Wopita ku tauni atenge bukulo pamodzi ndi kontrola yakufayo, kuti akafananize mapulagi. Ya 36V isalowe pa batire la 48V.

Adani a kontrola ndi awiri: kutentha ndi madzi. Tikasenzetsa matumba ambiri a kachewere, nkumakwera chitunda osapalasa, kontrola imatentha mpaka kupsa. Pa chitunda tizipalasa, kapena titsike tikankhe. Tisawoloke nayo mtsinje. Tisaikute kontrola ndi pulasitiki, imafuna mphepo. Batire lotupa kapena lotentha kwambiri tisalitsegule, ndipo likhale kutali ndi nkhokwe ndi denga la udzu.

Njinga ya kooperativa ndi ya tonse. Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, osunga mita ndi buku la njinga. Azilemba tsiku, vuto, ndi nambala imene mita yaonetsa. Ndalama zimene tapulumutsa zigule mbeu ndi feteleza.

Tikambirane:

1. Batire la 36V laonetsa 30. Tichite chiyani?
2. Gudumu lapepuka titazula mawaya atatu. Chafa nchiyani?
3. Pa gulu lathu, ndani asunge buku la njinga?