Mutu Wosamva Mankhwala kwa Mayi Wa M'chikuta: Kodi Magazi Amaulula Chiyani?

Tiyerekeze mayi wa ku Chinsapo amene wachira bwino pa chipatala cha Bwaila. Patapita masiku 10, akali m'chikuta, mutu uyamba kumuwawa. Amwa panado koma osasintha. Amuyeza malungo, osawapeza. Apongozi akuti ndi kutopa chabe, anansi akunong'ona za anthu oipa. Kodi gwero lake nchiyani?

Chimodzi mwa zimene dokotala amaganizira pamenepa ndicho kuundana kwa magazi m'mitsempha imene imachotsa magazi mu ubongo kubwerera nawo ku mtima. Monga ngalande ya ku Mgona ikatsekeka ndi zinyalala m'dzinja madzi nasefukira m'makomo, momwemonso mtsempha ukatsekeka magazi amadikha, ubongo nutupa. Nthendayi siigwira anthu ambiri, koma ndi yoopsa, ndipo si yachilendo: dokotala wa ku France, Ribes, adaifotokoza kale m'chaka cha 1825.

Imakonda amayi oyembekezera, amene ali m'masabata 6 oyamba atachira, ndiponso ena akumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen. Kuchepa kwa magazi, kutha madzi m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba, mafinya a m'khutu ndi nthenda youmitsa khosi zimaonjezera ngozi. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amadandaula mutu. Ena amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, amagwa ngati akhunyu kapena kulefuka mkono ndi mwendo mbali imodzi.

Nanga magazi akatengedwa pa mkono amayezamo chiyani? Choyamba ayang'ana kuchuluka kwake. Kwa mayi woyembekezera, himogulobini yosafika pa 11 isonyeza kuti magazi achepa. Kachiwiri awerenga maselo oyera, asilikali a thupi, amene amachuluka pakakhala matenda a tizilombo. Kachitatu awerenga timaselo toumitsa magazi, timene mwa munthu wabwinobwino timakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kochepetsetsa. Ayezanso nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, ndi mmene impso zikugwirira ntchito, kuti mankhwala aperekedwe pa muyeso woyenera.

Palinso muyeso wina wotchedwa D-dimer, umene umafufuza zotsalira za magazi oundana pamene thupi likuwasungunula. Koma pano mpofunika kusamala. D-dimer imakweranso mwa mayi wapakati, mwa amene wangochira ndiponso mwa wodwala malungo aakulu, ngakhale mtsempha wa mu ubongo usanatsekeke. Komanso ikhoza kuoneka yabwinobwino mwa munthu amene nthendayi ali nayo, makamaka ngati chizindikiro chake ndi mutu wokha kapena wadwala masabata angapo.

Tanthauzo lake ndi ili: magazi amalozera njira, koma sagamula mlandu. Chotsimikiza ndicho kujambula mutu ndi makina a CT kapena a MRI. Makina oyamba a MRI m'Malaŵi adafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2008. Kwa ife a ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, njira yake ndi kuyamba pa chipatala chapafupi ndi kulandira kalata yotumizira ku Kamuzu Central.

Nthendayi ikadziwika msanga, ambiri amachira. Wodwala amayamba ndi jakisoni wa heparin woletsa magazi kuundana, kenaka mapiritsi monga warfarin kwa miyezi 3 kufikira 12. Wakumwa warfarin ayenera kuyezetsa magazi kawirikawiri monga adokotala anenera.

Tsono amayi, imwani madzi okwanira m'chikuta, musaleke mapiritsi oonjezera magazi a ku sikelo, ndipo musaphonye tsiku lokaonedwa mutachira. Abambo ndi apongozi, mutu ukamakula tsiku ndi tsiku, bwererani naye mayiyo ku chipatala ngakhale adauzidwa kuti magazi ali bwino. Akakomoka kapena kulefuka ziwalo, musadikire kuti kuche. Fotokozani zonse, ndipo funsani mopanda manyazi, pakuti safunsa adadya phula.