Lamba wamano amene anagonetsa pikapu ya malume

Malume anga amagula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku Blantyre. Zaka zitatu zapitazo anagula pikapu ya dizilo yakalekale, kwa munthu amene nayenso anaigula kwa wina. Asanapereke ndalama anaona zonse zimene munthu amaona: matayala, utsi, ngati ikudontha oyilo, ngati ikulira msanga m'mawa kukuzizira. Zonse zinali bwinobwino. Patangotha miyezi inayi, ali pa msewu wa M1 atangodutsa Ntcheu, matumba ali tho kumbuyo, injini inangozima. Sipanaphulike kanthu, sipanatuluke utsi. Akuti panangomveka kaphokoso ngati munthu wagwetsa masipuni pasimenti, basi.

Loweruka lake ndinapita kugalaja kukawazonda. Amakaniko anandipatsa m'manja zitsulo zinayi zooneka ngati bowa wa tsinde lalitali, zonse zopindika, kenaka lamba wakuda wa mphira amene mano ake ena anali atathothoka. "Aphunzitsi, fizikisi yanu ija ndi imeneyi," anatero akuseka. Malume sankaseka. Ndalama yokonzera injini inaposa kangapo mtengo wa lamba watsopano, ndipo mbatata ija anaigulitsa motchipa pamsewu pomwepo.

Lamba ameneyu dzina lake ndi timing belt. Ambiri a inu simunamuonepo, chifukwa amakhala mkati mwa chivindikiro kumapeto kwa injini. Amene mumamuona mukatsegula boneti ndi wina, fan belt, woyendetsa alternator. Musawasokoneze.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mu silinda imodzi. Muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika, ndipo pamwamba pake pali mavalavu, zitsulo zonga bowa zija, amene ali ngati zitseko: ena amalowetsa mpweya, ena amatulutsa utsi. Pisitoni ikamatsika koyamba, valavu yolowetsa imatseguka, mpweya n'kulowa. Ikamakwera, zitseko zonse zimatsekeka, mpweya n'kupanikizika. Mafuta akayaka amakankha pisitoni kuti itsikenso, ndipo mphamvu yonse ya galimoto imachokera pamenepa. Ikamakwera kachiwiri, valavu yotulutsa imatseguka, utsi n'kupita. Mapisitoni amazunguza chitsulo cha pansi chotchedwa crankshaft. Mavalavu amatsegulidwa ndi chitsulo china cha pamwamba, camshaft. Ntchito ya lamba ndi kumangiriza ziwirizi kuti chitseko chilichonse chizitseguka pa nthawi yake yeniyeni.

Werengani nokha: pa maulendo anayi aja, crankshaft yazungulira kawiri, koma valavu iliyonse yatseguka kamodzi. Ndiye camshaft iyenera kuzungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. N'chifukwa chake gudumu la pamwamba limakhala ndi mano owirikiza kawiri a gudumu la pansi. Lapansi likakhala ndi 24, lapamwamba likhala ndi 48.

Tsopano tengani cholembera. Galimoto ikamathamanga pamsewu waukulu, injini imatha kuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza ka 50 pa sekondi imodzi. Camshaft ndiye ka 25, kutanthauza kuti valavu iliyonse ikutseguka ndi kutsekeka ka 25 pa sekondi. Ulendo umodzi wa pisitoni, kuchoka pansi kufika pamwamba, ukutenga masekondi 0.01 okha. Ngati ulendowo ndi wa masentimita 8, liwiro lake lapakati ndi mamita 8 pa sekondi, pafupifupi makilomita 29 pa ola, ndipo ikuima n'kubwerera ka 100 pa sekondi iliyonse. Ine mpaka pano ndikawerengera zimenezi pabolodi ndimaima kaye.

Apa mpamene mano amafunikira. Fan belt amagwira gudumu ndi friction, ndiye akhoza kuterereka pang'ono, n'kumalira tswii m'mawa, koma palibe chimene chawonongeka. Timing belt saloledwa kuterereka ngakhale pang'ono. Pa gudumu la mano 24, dzino limodzi ndi madigiri 15, pakuti 360 kugawa ndi 24 ndi 15. Lamba akangodumpha dzino limodzi, injini imafooka n'kumanjenjemera. Akadumpha angapo, kapena kuduka, zimakhala za malume zija.

Mwina wina afunsa kuti, nanga lamba akaduka, bwanji zonse sizingoima mwamtendere? Kumbukirani lamulo loyamba la Newton, lakuti chinthu chimene chikuyenda chimapitiriza kuyenda mpaka mphamvu ina itachiimitsa. Camshaft ndi yopepuka ndipo masipuling'i a mavalavu amaigwira, choncho imaima nthawi yomweyo, mavalavu ena ali chitsegukire. Koma crankshaft ili ndi flywheel, chigudumu cholemera, komanso matayala akuikankha kudzera mu giya, pamodzi ndi kulemera konse kwa pikapu ndi mbatata zake. Siingaime. Mapisitoni amapitiriza kukwera n'kukapeza mavalavu atalendewera m'njira yawo.

Si injini zonse zimene zimawombana chonchi. Zina zinapangidwa ndi mpata wokwanira, moti lamba akaduka galimoto imangozima, mukaika wina n'kumapita. Zina, zotchedwa interference, pisitoni ndi valavu zimafika pamalo amodzi koma nthawi zosiyana, ngati anthu awiri ogona pamphasa imodzi mosinthana. Pafupifupi injini zonse za dizilo ndi zotere, ndipo chifukwa chake ndi fizikisi yomweyi. Dizilo sayatsidwa ndi mapulagi a moto ngati petulo, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa kwambiri. Injini ya dizilo yakale ya malita 2.8 ndi masilinda anayi, silinda iliyonse imakoka mamililita 700, n'kuwapanikiza pafupifupi ka 22. Malo otsala pamwamba ndi mamililita 33 okha, ngati masipuni awiri aakulu. Injini ya petulo ya malita 1.5 yopanikiza ka 10, ngakhale ndi yaing'ono, imasiya mamililita oposa 40. Koma musanamizike, injini za petulo zambiri nazonso ndi za interference.

Chovuta ndi lambayu n'chakuti sadandaula. Mabuleki akatha amalira, batire ikatha imayamba ulesi m'mawa. Lamba amagwira ntchito bwinobwino mpaka sekondi yomaliza. Mkati mwake muli ulusi wolimba kwambiri umene sutamuka, koma mano ndi mphira. Mphira amauma ndi kutentha, amafewa akadonthezeredwa oyilo, ndipo amakalamba ngakhale galimoto itangoima pakhonde. Munaonapo malegeni akale mmene amadukira mukangowakoka? N'chifukwa chake opanga galimoto amapereka malire awiri, makilomita ndi zaka, ndipo amene ayambe kukwana ndi amene mumatsatira. Pa galimoto zambiri zochokera ku Japan, malire a makilomita ndi 100,000, koma buku la galimotoyo ndi limene limanena zenizeni.

Chaka chatha inakwana nthawi yoti nanenso ndigule kagalimoto kanga. Funso langa loyamba kwa wogulitsa aliyense linali lakuti, injini iyi ndi ya lamba kapena ya tcheni? Injini zina zimagwiritsa tcheni chachitsulo chonga cha njinga, chimene chimasamba mu oyilo ndipo sichikhala ndi nthawi yoikika yosinthira bola oyilo azisinthidwa. Injini ya 1NZ-FE ya mu Probox ndi ma Corolla ambiri a pambuyo pa 2000 ndi ya tcheni. Ya 5A-FE ya ma Corolla a m'ma 1990 ndi ya lamba, chimodzimodzinso ma Hiace a dizilo a 3L ndi 5L, minibasi zimene mumakwera popita ku tchuthi. Ma Hiace ndi ma Hilux ambiri a dizilo ali ndi kanyali kolembedwa T-BELT, koma dziwani kuti kanyaliko sikaona lamba ayi, kamangowerenga makilomita, ndipo munthu akhoza kukazimitsa osasintha kanthu.

Kamene ndinakakonda kanali ka lamba. Wogulitsa anati, "Bwana, imeneyi sinayende, onani nokha mita." Mita inkaonetsa makilomita 91,000. Ndinatsegula boneti n'kuyamba kufunafuna kasitika. Ku Japan amakaniko akasintha lamba amakonda kumata kapepala pa chivindikiro, kolembedwa tsiku ndi makilomita. Zilembo zake simungaziwerenge, koma manambala ndi omwewa athuwa. Chosokoneza ndi chaka, chifukwa nthawi zambiri amawerengera ndi ufumu wa mfumu yawo. Nyengo ya Heisei inayamba mu 1989, ndiye mumawonjezera 1988 pa nambala imene mwaona. Ya Reiwa inayamba mu 2019, mumawonjezera 2018. Pa kasitika kaja panali 22, kutanthauza 2010. Lamba anali atakhala pamenepo zaka zoposa khumi.

Pansi pake panalembedwa makilomita 98,400.

Ndinamuonetsa wogulitsa uja manambala awiriwo, wa pa mita ndi wa pa kasitika, n'kumufunsa ngati galimotoyi yakhala ikuyenda chobwerera m'mbuyo kuyambira 2010. Anakanda mutu n'kunena kuti nayenso anaigula choncho, ndipo mwina ankanena zoona. Sitinakangane. Tinangochotsa pamtengo ndalama ya lamba, ya tensioner imene imamukunga, ya timagudumu timene amadutsapo, ndi ya water pump, poti pa injini zambiri pampuyi imakhala kuseri kwa lamba yemweyo, ndipo beringi yake kapena ya tensioner ikagwira imatha kuwononga ngakhale lamba watsopano. Kumasula kawiri n'kulipira amakaniko kawiri.

Kuchoka pamenepo ndinayendetsa pang'onopang'ono mpaka kugalaja kuja, osapitira kunyumba. Atavundukula chivindikiro, msana wa lamba unali wonyezimira ngati nsapato yopolishidwa. Atamuchotsa ndinamupinda chakumbuyo, ndipo pa tsinde la dzino lililonse panaoneka kamng'alu. Ndinamupempha, pamodzi ndi valavu imodzi yopindika ya malume imene amakaniko anali atasunga m'chitini cha mabawuti. Zonse ziwiri zili mu kabati ya mu labu, shelefu ya pansi. A Fomu 4 anawerenga kale mano ake, koma magulu awiri anapeza mayankho osiyana, ndiye Lachinayi tiwerenganso.