KAPITAO WA PA KHOMO LA MAKOMPYUTA

Zotsatira za mayeso zikatuluka, makolo miyanda-miyanda amafunsa pa intaneti nthawi imodzi. Kompyuta imodzi yoyankha mafunso, yochedwa seva, singathe kusenza mtolo wotere.

Cifukwa cace akatswiri amaika maseva angapo, ndipo pa khomo pao amaimikapo makina ogawa nchito, monga kapitao pa depoti ya cimanga. Kapitaoyu amatumiza wofunsa aliyense kwa seva yokhala ndi mpata, nalambalala imene yaonongeka.

Nchito yace yaciwiri ndi yosunga cinsinsi. Uthenga wocokera pa foni yanu umayenda wokhomedwa ndi loko wa masamu. Loko wochedwa SSL anaturutsidwa ndi kampani ya Netscape ya ku America mu 1995, ndipo mu 1999 kunabwera womlowa m'malo, TLS. Kukhoma ndi kutsegula kumalemetsa maseva, motero kapitao ndiye amasunga kiyi nawagwirira nchitoyi.

Komatu uthenga ukapitirira khomolo kawiri-kawiri umayenda wosakhoma, ndipo wakuba atalowa m'kati angawerenge dzina lanu ndi nambala yanu ya cinsinsi. Ndiye cifukwa cace eni makina osamala amaukhomanso kaciwiri. Amasunganso kapitao wina pambali, popeza woyambayo akagwa, onse ofunsa amabwerera osayankhidwa.