Aphunzitsi a okestra ya ana: amacokera kuti, ndipo nchitoyi anaiphunzira bwanji?

Okestra ndi gulu la anthu ambiri oimba nyimbo imodzi ndi zipangizo zosiyanasiyana. Yaikulu imakhala ndi anthu 80 mpaka 100. Kutsogolo kumakhala zipangizo za nsambo. Caching'ono mwa izo ndi violino, amene amafanana ndi kaligo wathu, kungoti iye ali ndi nsambo zinayi. Akulu ake ndi viola, violoncelo ndi kontrabaxo, amene ndi wamtali ngati munthu. Kumbuyo kwao kumakhala zitoliro, kenako malipenga amkuwa, ndipo kumapeto kwenikweni ng'oma ndi zina zomenya.

Tsono taganizani ana 30 a zaka khumi atakhala m'cipinda cimodzi, aliyense atanyamula cipangizo comwe sanacigwirepo. Wina nsambo yamudukira, wina wagwira uta cadodolido, wina akungouzira lipenga kuti anzake aseke. Pakufunika munthu mmodzi woti phokoso limeneli alisandutse nyimbo. Munthu ameneyu ndiye mphunzitsi wa okestra. Kodi amacokera kuti? Tikayang'ana mbiri ya aphunzitsi otere m'maiko osiyanasiyana, tipeza njira zinayi.

Njira yoyamba: kudzera ku koleji

Ku Amereka masukulu ambiri a boma ali ndi okestra ngati phunziro, monga masamu kapena mbiri yakale. Ana ambiri amayamba ali m'kalasi 4 kapena 5. Wofuna kuwaphunzitsa amapita ku yunivesite zaka 4. Polowa amamuyesa pomumvetsera akuimba cipangizo cake. Akalowa, amaphunzirako pang'ono zipangizo zina zonse, cifukwa katswiri wa violino mawa adzafunika kuonetsa mwana kagwiridwe ka kontrabaxo. Amaphunziranso kutsogolera gulu ndi manja, kuwerenga pepala lomwe lili ndi mawu a zipangizo zonse pamodzi, ndi kudziwa mmene mwana amakulira. Miyezi yomaliza amakaphunzitsa pasukulu yeniyeni moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wakale, kenako amatenga ciphaso ca boma. Aphunzitsi a zipangizo za nsambo kumeneko ali ndi bungwe lao, American String Teachers Association, lomwe linayamba mu 1946.

Musaganize kuti akatenga ciphaso ndiye kuti zonse zayera. Ambiri amazungulira masukulu awiri kapena atatu pa sabata. Ndalama zikacepa, phunziro la nyimbo ndi limodzi mwa oyamba kudulidwa. Mai Roberta Guaspari anaziona zimenezi. Iwo anaphunzira uphunzitsi wa nyimbo, ndipo mu 1980 anayamba kuphunzitsa violino m'masukulu a boma a ku East Harlem, dera la anthu osauka mumzinda wa New York. Mu 1991 akuluakulu a maphunziro anadula ndalama za nchito yao. Iwo pamodzi ndi makolo sanagonje. Anayambitsa bungwe lochedwa Opus 118, ndipo mu 1993 ana aja anaimba m'holo yochuka ya Carnegie Hall limodzi ndi akatswiri monga Isaac Stern ndi Itzhak Perlman, kuti apeze ndalama. Nkhani yao anaipangira filimu mu 1999.

Kuno ku Moçambique njira ya kolejiyi ilipo, koma ndi yopapatiza. Escola Nacional de Música ili ku Maputo. Maphunziro a nyimbo a Universidade Eduardo Mondlane nawonso ali ku Maputo. Mwana wa ku Ulónguè kapena ku Metangula ali pa mtunda wa makilomita opitirira 1500. N'cifukwa cake njira zitatu zotsalazi zikutikhudza kwambiri ifeyo.

Njira yaciwiri: katswiri woimba amene watembenukira kwa ana

Citsanzo capafupi ndi Mai Eldevina Materula, amene ambiri amawadziwa kuti Kika. Anayamba nyimbo ali mwana ku Escola Nacional de Música. Mu 1995 anapita ku Portugal, ndipo kumeneko ndi komwe anakumana ndi oboe, citoliro ca mtengo cokhala ndi timabango tiwiri pouzirira. Anaphunzira ku Lisboa ndi ku Malmö, m'dziko la Sweden, mpaka anapeza nchito mu okestra yaikulu ya mumzinda wa Porto. Mu 2013, mogwirizana ndi bungwe la Kulungwana, anayambitsa Xiquitsi ku Maputo, komwe ana ndi acinyamata amaphunzira zipangizo za okestra ndi kwaya osalipira. Dzinalo si lacilendo ai. Xiquitsi ndi cipangizo ca kum'mwera kwa dziko lino, copangidwa ndi mabango okhala ndi njere m'kati, cofanana ndi cisekese. Mu 2020 Mai Materula anasankhidwa kukhala nduna ya cikhalidwe ndi zokopa alendo.

Ku South Africa kuli nkhani yofanana nayo. Mai Rosemary Nalden anali woimba viola ku London. Atamva pa wailesi ya BBC za ana a ku Soweto amene ankavutika kuphunzira violino, mu 1992 anasonkhanitsa oimba anzao kuti aimbe m'masiteshoni a sitima n'kutolera ndalama. Koma anaona kuti kutumiza ndalama kokha sikukwanira. Mu 1997 anatsegula sukulu ya Buskaid ku Diepkloof, ndipo anayamba kuphunzitsa okha.

Mphunzitsi wotere amabwera ndi khutu lakuthwa. Nsambo ikangophonya pang'ono, iye wamva kale. Amadziwanso anthu kunja amene angathandize ndi zipangizo. Koma ali ndi vuto lake. Zimene dzanja lake linaphunzira ali ndi zaka 7, iye anaiwala kale kuti zinali zovuta. Ayenera kubwerera pansi, n'kuphunzira kugawa cinthu cimodzi m'tizidutswa khumi toti mwana n'kumeza. Kudziwa kuimba ndi kudziwa kuphunzitsa ndi nzeru ziwiri zosiyana, ndipo si akatswiri onse amene ali nazo zonse ziwiri.

Njira yacitatu: munthu wocokera ku nchito ina

Ena sanaganizepo zokhala aphunzitsi a nyimbo. Bambo Favio Chávez a ku Paraguay anaphunzira zosamalira cilengedwe. Mu 2006 anapita kukagwira nchito ku Cateura, dera lomwe lili pafupi ndi dzala lalikulu la mzinda wa Asunción. Popeza ankadziwa gitala ndiponso anatsogolerapo kwaya ali mnyamata, anayamba kuphunzitsa ana a anthu otola zinyalala. Ana anaculuka, zipangizo zinacepa. Ndiye mmisiri wina wa komweko, Bambo Nicolás Gómez, anayamba kupanga maviolino ndi mavioloncelo ndi zitini, zigubu za mafuta, mafoloko ndi matabwa otayidwa. Gulu la anawo lakaimba m'maiko ambiri.

Wina ndi José Antonio Abreu wa ku Venezuela. Iye anaphunzira nyimbo, koma anaphunziranso zacuma ndipo anagwirapo nchito m'boma. Mu 1975 anaitana acinyamata kuti ayambe okestra m'garaja ina mumzinda wa Caracas. Tsiku loyamba kunabwera 11 okha. Pamene ankamwalira mu 2018, nchito yake yochedwa El Sistema inali itafika m'zigawo zonse za dzikolo, ndipo ana ophunzira anali zikwi mazanamazana. Apa cinathandiza si nyimbo zokha. Abreu ankadziwa kulemba bajeti ndi kulankhula ndi nduna, moti boma lililonse lomwe linkalowa linkapitiriza kupereka ndalama.

Anthu awiriwa akutionetsa mbali ya nchitoyi imene siimaoneka pa tsiku la cionetsero. Mphunzitsi wa okestra amachuna zipangizo makumi angapo ana asanalowe. Amasintha nsambo zoduka. Amalembanso nyimbo yovuta kuti woyamba kumene apeze kagawo kake kosavuta. Amapita kwa kholo kukapempha kuti mwana asasiye. Amafunafuna malo osungira zipangizo posafika cinyontho ndi ciswe. Nzeru zomwe munthu anazitenga ku nchito ina, kaya ukalipentala, kaya kusunga ndalama, pano zimagwira nchito.

Njira yacinayi: wophunzira amene wasanduka mphunzitsi

Mafunso ovuta ndi awa: El Sistema inapeza kuti aphunzitsi okwanira ana onsewo? Nanga Buskaid ikanapita patali bwanji ndi mphunzitsi mmodzi wocokera ku London? Yankho lao linali limodzi. Mwana amene wadziwa pang'ono aphunzitse amene akuyamba kumene. Ku Buskaid ambiri mwa aphunzitsi ndi anthu amene anakulira pasukulu pomwepo. Ku Brazil, woimba piyano Ricardo Castro anayambitsa Neojiba m'cigawo ca Bahia mu 2007, ndipo mfundo yao yaikulu ndi yoti munthu amaphunzira pophunzitsa mnzake. Xiquitsi inatengerako nzeru kwa anzao a ku Venezuela ndi ku Brazil amenewa.

Wochuka kwambiri amene anadzera njira imeneyi ndi Gustavo Dudamel. Anabadwa mu 1981 ku Barquisimeto. Ankafuna kuimba lipenga lalitali la trombone ngati atate ake, koma manja anali aafupi, ndiye anamupatsa violino. Ali ndi zaka 18 anali atayamba kale kutsogolera okestra ya acinyamata ya dziko lonse. Mu 2004 anapambana mpikisano wa otsogolera okestra ku Bamberg, m'dziko la Germany, ndipo mu 2009 anakhala mtsogoleri wa okestra ya ku Los Angeles.

Koma tisangoombera m'manja. Mu 2014 wofufuza wa ku England, Geoffrey Baker, anatulutsa buku lodzudzula El Sistema. Mwa zina, iye anapeza kuti aphunzitsi ambiri acinyamata ankalandira ndalama zocepa, analibe maphunziro a kaphunzitsidwe, ndipo ankangobwereza mmene iwo anaphunzitsidwira, ndi ukali womwe. Mfundo yake ndi yomveka. Mnyamata wa zaka 16 akhoza kuonetsa mng'ono wake poika cala, koma akufunika wamkulu womuyang'anira, womuuza kuti apa wafulumira, apa wamuopseza mwana. M'mera m'poyamba. Mwana akazolowera kugwira uta molakwika caka coyamba, kumuongola kumatenga zaka.

Kwathu kuno si zacilendo

Mwina wina anena kuti, “Aa, zimenezo n'za azungu.” Zipangizozo n'zocokeradi ku Ulaya, koma kuimba m'gulu lalikulu ndi kulera ophunzira tili nako kuyambira kale. Acopi a ku Zavala, m'cigawo ca Inhambane, ali ndi magulu a timbila, malimba opangidwa ndi mtengo wa mwenje. Gulu limodzi limakhala ndi timbila 5 mpaka 30, zazing'ono ndi zazikulu, iliyonse ndi mawu ake. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika timbila m'gulu la cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, caka comwenso linalemekeza Gule Wamkulu. Mtsogoleri wa timbila amapeka nyimbo, amasema cipangizo, amacichuna, amaphunzitsanso. Mwana amakhala pambali pa wamkulu, kuona ndi kumva, mpaka manja azolowere. Malemu Venâncio Mbande anagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya ku South Africa, akutsogolera magulu a timbila komweko, ndipo atabwerera ku Zavala anapitiriza kuphunzitsa acinyamata pakhomo pao.

Ngakhale m'midzi yathu ya ku Angónia ndi ku Lago, taonani mmene kwaya ya kuchalichi imayendera, kapena gulu la mganda. Alipo amene amagawa mawu, alipo amene amadziwa kuti ng'oma iyi yafooka iwambidwe pamoto, alipo amene amaitana ana ndi kuwaika pamzere. Anthu amenewa akugwira kale theka la nchito ya mphunzitsi wa okestra. Cimene ambiri akusowa ndi kuwerenga zilembo za nyimbo pa mizere isanu ija, ndi mwai wogwira zipangizo zina.

Kodi mphunzitsi wabwino timamudziwa bwanji?

Pa anthu onse tawachulawa, palibe awiri amene anayenda njira yofanana. Wina anadzera ku yunivesite, wina ku okestra ya ku Porto, wina ku dzala, wina ku migodi. Cimene cikuwalumikiza n'cakuti aliyense anafika poona kuti yekha sangakwanitse, ndipo anayamba kukonza ena oti adzaphunzitse iye kulibe. Violino angathe kubwera pa ndege lero lomwe ngati mphatso. Mphunzitsi sabwera conco. Kuti mwana woyamba lero adzafike pophunzitsa anzake bwinobwino, pamapita zaka pafupifupi khumi.

Ndiye ngati kwanu kuli mnyamata kapena mtsikana amene amatsogolera kwaya, amene ana amamumvera popanda kukalipa, musamuone ngati wongotaya nthawi. Mulimbikitseni amalize sukulu, cifukwa ku yunivesite salowa popanda kalasi 12. Aphunzire kuwerenga nyimbo kwa aliyense amene akudziwa, kaya ndi katekisiti, kaya ndi woimba limba kuchalichi. Ndipo zocepa zomwe wadziwazo ayambe kugawira ang'ono ake, wamkulu ali pambali.

Tikambirane

1. Chulani njira zinayi zomwe anthu amadzera kuti akhale aphunzitsi a okestra.
2. N'cifukwa ciyani katswiri woimba angavutike kuphunzitsa mwana woyamba kumene?
3. M'mudzi mwanu, ndani amaphunzitsa ana kuimba kapena kuliza ng'oma? Nanga iyeyo anaphunzira kwa yani?