Vinyo wa m'mapiri a ku Italy ndi nsomba za mu Zambezi

Anthu ena a m'mudzi wa Simonga, kumadzulo kwa mzinda wa Livingstone, amagwira nchito m'malo ogona alendo amene ali m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Woperekera cakudya kumeneko amayembekezeka kukhala ndi yankho mlendo akafunsa za vinyo woyenera kumwera nsomba ya bream. Vinyo wambiri m'dziko lino amacokera ku South Africa, koma vinyo wina wa kumpoto kwa Italy ndiye amaonetsa bwino cifukwa cake nsomba imafuna vinyo woyera komanso wowawasako.

Vinyoyu amachedwa Blanc de Morgex et de La Salle. Amapangidwa m'cigawo ca Valle d'Aosta, m'tsinde mwa phiri la Mont Blanc, kucokera ku mphesa za mtundu wa Prié Blanc. Minda yake ili pamtunda wa mamita 900 mpaka 1,200, ndipo ili m'gulu la minda ya mpesa yokwera kwambiri mu Europe. Livingstone nayenso ali pamtunda woposa mamita 900, koma nyengo ndi yosiyana kotheratu: kuno mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, pamene kumeneko cipale cofewa cimagwa caka ndi caka.

Alimi amayanzika mipesa pa timatandala tatifupi kuti izilandira kutentha kumene miyala ndi nthaka zasunga masana. Tizilombo ta phylloxera, timene tinaononga minda ya mpesa mu Europe kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, sitinakhazikike kumeneko. Motero mipesa yake ikali pa mizu yakeyake, yosamezanitsidwa ndi mizu ya ku America monga zilili m'madera ambiri.

Kuzizira kumeneku ndiko kumaumba kakomedwe ka vinyoyu. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, shuga saculuka, ndipo asidi wa m'cipatso satha. Cotulukapo ndi vinyo wopepuka, wamphamvu yocepa poyerekeza ndi wa kumadera otentha, amene amadzetsa malovu m'kamwa ngati mmene limacitira ndimu.

Polawa, thirani pang'ono m'tambula ndi kuigwira ku kamwendo kake kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Ngakhale amachedwa woyera, mtundu wake ndi wacikasu cotuwira, ngati udzu wouma. Mukaizunguza tambulayo ndi kununkhiza, mudzamva fungo la apozi wosapsetsa, la ndimu, mwinanso la maluwa a kuthengo. Kenako pyonthani pang'ono ndi kuyendetsa m'kamwa musanameze. Vinyoyu amakoma akazizira madigiri 8 mpaka 10. Akazizira kuposa pamenepo fungo limabisala, ndipo akafunda amazizira m'kamwa ngati ndiwo zopanda mcere.

Kwao amamwera nsomba ya trout ya m'mitsinje ya m'mapiri komanso chizi ca Fontina. Kuno mnzake weniweni ndi bream yooca kapena yokazinga, cifukwa kuwawasa kwa vinyo kumacotsa mafuta pa lilime, monga ndimu yofinyira pa nsomba. Kapenta wokazinga wa ku Kariba nayenso amayenerana naye bwino, popeza mcere umafewetsa kuwawasako.

Sikuti cakudya ciliconse cingamwere vinyoyu. Nyama ya ng'ombe kapena ya m'thengo ya msuzi wokhathamira imamuphimbiratu, ndipo imeneyo imafuna vinyo wofiira. Tsabola wambiri amapha fungo lake lonse. Ndiwo zotendera, zimene ena amati ifisashi, n'zolemera ndi nsinjiro, coco zimayenera vinyo woyera wokhuthalako monga Chardonnay.

Vinyo wa ku Morgex amapangidwa wocepa ndipo sapezeka wamba. Amene akufuna wofanana naye angayang'ane dzina la Alto Adige kapena Trentino pa botolo la Pinot Grigio, kapenanso Sauvignon Blanc wa ku Elgin, dera lozizira la ku South Africa. Botolo lisungidwe pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa, cifukwa kutentha kwa m'cigwa ca Zambezi kumaononga vinyo wotere msanga. Lamulo la dziko la Zambia sililola kugulitsa vinyo kapena mowa uliwonse kwa munthu wosakwanitsa zaka 18.