TETE: MZINDA WA DZUWA M'MBALI MWA ZAMBEZI

Amalawi ambiri amaudziwa mzinda wa Tete ngati malo ongodutsapo popita ku Harare kapena ku Johannesburg. Amauona pa windo la basi, n'kudandaula za kutentha, basi ulendo n'kumapitirira. Ine ndidakhala ndi mwayi wokhalako masiku asanu ndi limodzi kumayambiriro kwa Seputembala 2025, pamene ndidakacheza kwa azakhali anga. M'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga a pano pa seminale za mzindawu: kumene uli, chifukwa chake umatentha chotere, mbiri yake, ndi zoyenera kudziwa munthu asanapiteko.

Kodi Tete ali kuti?

Tete ndi likulu la chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique. Chigawochi chidachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mzindawu udamangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi ndipo uli ndi anthu oposa 300,000 malinga ndi kalembera wa 2017. Kuchokera ku Blantyre munthu amadzera ku Mwanza, n'kulowa Mozambique pa chipata cha Zobue. Kuchoka pa Zobue kukafika ku Tete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Anzathu a m'chigawo chapakati akhoza kudzera pa chipata cha Dedza, n'kudutsa dera la Angonia.

Pa ulendowu chimene chimaonekera msanga ndi kusintha kwa dziko. Ku Zobue kuli mapiri ndi kamphepo kozizira. Koma msewu ukayamba kutsetsereka, mitengo ikuluikulu ya masamba imayamba kusowa, m'malo mwake mumaona milambe, mitengo ya minga, miyala ndi mbuzi zosawerengeka. Mukafika pa Moatize thukuta limakhala litayamba kale.

Chifukwa chiyani kumatentha chotere?

Amene tikuphunzira Jogalafe tikudziwa kuti munthu akamakwera m'mwamba mpweya umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Blantyre ali pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600. Tete ali pansi kwenikweni, osafika ndi mamita 200 omwe. Ndiye kuti ngakhale dzuwa ndi lomweli, Tete ayenera kutentha kuposa Blantyre ndi madigiri asanu kapena kuposerapo.

Chachiwiri, mzindawu uli m'chigwa chozunguliridwa ndi malo okwera. Mphepo yonyamula chinyezi imataya mvula yake yambiri m'malo okwerawo, ndipo ikamatsikira m'chigwa imakhala youma ndi yofunda. N'chifukwa chake mvula ya ku Tete ndi yochepa, pafupifupi mamilimita 600 pa chaka, ndiponso imagwa miyezi yowerengeka yokha, makamaka kuyambira Disembala mpaka Marichi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje sangadabwe kwenikweni, chifukwa chigwa cha Shire ndi mng'ono wake wa chigwa cha Zambezi.

Moyo wa anthu umatsata dzuwa. Amalawirira kumsika ndi kumunda, masana amabisala pamthunzi, ndipo madzulo ndi pamene misewu imadzaza. Chimanga sichichita bwino kutali ndi mtsinje, tsono ambiri amadalira mapira, mchewere, madimba a m'mbali mwa madzi ndi ziweto. Nyama ya mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka m'Mozambique monse, ndipo eni ake amati imakoma chifukwa mbuzizo zimadya masawu ndi malambe. Ine ndidailawa yootcha, ndipo sindidapeze chowatsutsira.

Mtsinje ndi milatho yake

Zambezi ndiye mtsinje wachinayi kutalika mu Africa, ndipo Shire wathu amakathira mwa iye kumunsi kwa Tete. Mtsinjewu umagawa mzinda pawiri: mbali ya kumwera kuli maofesi ndi nyumba zakale, ndipo tsidya lino kuli Matundo, kumene kumakhala azakhali anga. Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi mlatho wa Samora Machel, wolendewera pa zingwe zachitsulo, wotalika kuposa mamita 700. Udamangidwa ndi Apwitikizi ndipo udatsegulidwa mu 1973. Dzina la Samora Machel, pulezidenti woyamba wa dzikolo, udalandira ufulu wa 1975 utabwera. Poti magalimoto olemera adachuluka, mu 2014 adatsegula mlatho wina wa Kassuende kumunsi kwa mzinda, ndipo mathiraki ambiri tsopano amadzera kumeneko.

Madziwa ndi moyo komanso ndi oopsa. Mu Zambezi muli ng'ona ndi mvuu, choncho mlendo asayerekeze kusambamo ngakhale kutenthe bwanji. Ndiponso dziko louma limasefukira: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana, yemwe adationonga ifenso kuno kwathu, adagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize.

Kumtunda kwa mzinda, pafupi ndi Songo, kuli damu la Cahora Bassa lomwe lidatha kumangidwa mu 1974. Limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa magetsiwa amagulitsidwa ku South Africa. M'nyanja ya damuli ndi mmene mumachokera kapenta ndi nsomba zouma zomwe zimadzaza misika ya ku Tete. Ku Moatize nako kuli migodi ikuluikulu ya malasha. Sitima zonyamula malashawa zimadutsa m'dziko lathu lino, kudzera ku Mwanza ndi Nkaya, popita ku doko la Nacala. Chomwe chidandikhudza ndi kuona kuti pafupi ndi chuma chonsechi pali mabanja ambiri ophikira makala ndi okhala m'fumbi la migodi.

Mbiri yomwe ikutikhudza

Tete ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri m'dera lino la Africa. Amalonda a Chiswahili adali kuchitirapo kale malonda pamene Apwitikizi adakhazikikapo cha m'ma 1530, pofuna golide wa ufumu wa Mwenemutapa. Pambuyo pake padadutsa minyanga ya njovu ndi akapolo, ena mwa iwo ochokera kwa makolo athu a Chimaravi.

David Livingstone adafika ku Tete mu 1856 pa ulendo wake wodutsa Africa. Atabweranso mu 1858 adafuna kukwera Zambezi pa sitima, koma mathithi a Cahora Bassa adamutsekera njira. Apa ndi pamene adakhotera mu Shire, nakafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Tinganene kuti miyala ya kumtunda kwa Tete idathandiza kusintha mbiri ya dziko lathu, chifukwa amishoni oyamba adatsata njira yomweyo.

Kwa ife a pa seminale, malo oyenera kuonedwa ndi mishoni ya Boroma, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda. Idayambitsidwa ndi ansembe a chipani cha Ajezuiti m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchi chake chachikulu chili pa phiri loyang'ana mtsinje. Dayosizi ya Tete idakhazikitsidwa mu 1962.

Palinso mbiri yowawa. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la Apwitikizi adapha anthu mazanamazana m'mudzi wa Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nawo, kufupi ndi Tete. Amishoni ndi omwe adalemba za chiwembuchi, ndipo Bambo Adrian Hastings adachiulula ku dziko lonse mu nyuzipepala ya The Times ya ku London mu Julaye 1973. Padapita zaka 50 kuti mtsogoleri wa boma la Portugal, António Costa, apepese mu 2022. Ife amene tikufuna unsembe tiyenera kudzifunsa ngati tingalimbe mtima chotere. Ufulu utabwera kudabukanso nkhondo yapachiweniweni yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo Malawi adasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Mayi wina wogulitsa masawu atamva malankhulidwe anga adandiuza kuti adakulira ku Mwanza pa nthawi ya nkhondoyo, ndipo adandiwonjezera mbasela yaikulu.

Malangizo kwa wofuna kupitako

Choyamba, tengani pasipoti yanu ndipo onetsetsani kuti adinda pa zipata zonse ziwiri. Muziyenda nayo nthawi zonse. Chachiwiri, ndalama ya kumeneko ndi metical, tsono funsani mtengo wake musanasinthe. Paja safunsa adadya phula. Chachitatu, sankhani miyezi ya Juni ndi Julaye ngati simufuna kupsa. Imwani madzi aukhondo pafupipafupi osadikira ludzu, valani chipewa, ndipo gonani m'neti chifukwa malungo ndi ochuluka. Mukamva chizungulire kapena mutu waukulu, pitani pamthunzi msanga ndipo uzani munthu wamkulu. Chachinayi, musajambule zithunzi za asilikali, apolisi kapena nyumba za boma popanda chilolezo.

Za chilankhulo musade nkhawa. M'maofesi amalankhula Chipwitikizi, koma kumsika ndi m'minibasi, zomwe amazitcha chapa, mudzamva Chinyungwe. Chimafanana kwambiri ndi Chisena ndi Chichewa: munthu ndi munthu, madzi ndi madzi, nyumba ndi nyumba. Akakufunsani kuti "Muli tani?" yankhani mwaulemu monga mmene mungayankhire akuluakulu kwanu.

Pomaliza, anzanga, ena mwa ife tidzatumidwa m'maparishi a m'malire monga ku Mwanza, Dedza, Ntcheu kapena Nsanje, kumene akhristu amachokera mbali zonse ziwiri. Nkofunika kuti tiwadziwe anansi athuwa, chilankhulo chawo ndi zimene adadutsamo. Tsiku lina basi ikadzakudutsitsani pa Zambezi, musadzangopukuta thukuta. Mudzatsike, mudzapatse anthu moni.