Kodi mumadziwa? Pali kachikumbu kotchedwa dzina la pulezidenti

M'chaka cha 2005, akatswiri awiri a tizilombo a ku America, Quentin Wheeler ndi Kelly Miller, anapatsa mayina mitundu 65 yatsopano ya tizikumbu ta gulu la Agathidium, m'banja la Leiodidae. Ndi tating'ono kwambiri, mamilimita ochepa chabe, ndipo timadya zinthu zonanda zooneka ngati nkhungu zomera pamitengo yowola. Kamodzi anakatcha Agathidium bushi polemekeza George W. Bush, pulezidenti wa America panthawiyo, kena cheneyi, kena rumsfeldi polemekeza akuluakulu awiri a boma lake, kenanso vaderi, dzina lochokera kwa Darth Vader wa m'filimu ya Star Wars.

Ena amati kulowetsa andale m'sayansi n'kulakwa, mayina otere afafanizidwe. Dandauloli n'lomveka, koma kufafaniza kungawononge zambiri. Chiyambire 1758, pamene Carl Linnaeus anakhazikitsa zoti nyama iliyonse izikhala ndi mayina awiri, la gulu ndi la mtundu, dzina lakhala chizindikiro chopezera zolembedwa zonse zokhudza nyamayo. N'chifukwa chake lamulo la mayina a nyama limati dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndilo limagwira ntchito, ngakhale lisakome m'khutu. Dzinalo limamangiriridwanso ku kachilombo kamodzi kosungidwa kumyuziyamu, kuti wokayikira akayerekeze. Pa tizikumbu tofanana chonchi, timene nthawi zambiri amatisiyanitsa poona ziwalo zoberekera za tatimuna pa maikulosikopu, kusintha mayina motengera ndale kungasokoneze akatswiri onse. Wopereka dzina aziganiza bwino asanasindikize, chifukwa likatuluka ndiye lakhazikika.